Chinenero cha Zikwangwani za pa Mabwalo a Nkhondo

Munthu amene wafika patsinde pa phiri la Isandlwana, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, amayamba kuona milu ya miyala yopakidwa njereza, yomwazika m'maudzu kuyambira pamene padali misasa ya Angerezi mpaka kukatsikira kumtsinje wa Manzimnyama. Pansi pa milu imeneyi pagona asilikali a mbali ya Britain amene adafa pa 22 Januwale 1879. Miluyo ilibe mawu. Chimene chimauza mlendo kuti adafera pamenepa ndi yani, adamupha ndi yani ndiponso ankalimbirana chiyani, ndicho chikwangwani chokhomedwa m'mbali mwa njira, kapepala ka mapu kamene wapatsidwa pachipata, ndi njira yeniyeniyo imene yakonzedwa kuti aitsate.

Akatswiri a mbiri yakale akhala akutsutsana kwa nthaŵi yaitali za mfundo zoyenera kulembedwa pa zikwangwani zotere. Akatswiri a zinenero akhala akuonerera chapatali, ngati kuti mlanduwu suwakhudza. Komatu chikwangwani ndi chiganizo, ndipo monga chiganizo china chilichonse chili ndi mwininkhani, mneni, maina ndi mawu oloza. Mfundo ya nkhani ino ndi imodzi: mawu a pa bwalo la nkhondo ayenera kulembedwa poyamba m'chinenero cha eni dera, kuchokera m'maumboni a chinenero chomwecho, osati kulembedwa m'Chingerezi ndi kutumizidwa kwa womasulira ntchito yonse itatha kale. Womasulira amasintha mawu, koma sangathe kusuntha malo amene wolemba woyamba adaimikapo woŵerenga.

1. Zimene zidachitika ndi kuchepa kwa malo olembapo

Pa 11 Disembala 1878 nthumwi za Sir Bartle Frere zidaŵerengera nduna za Mfumu Cetshwayo kaMpande zofuna za Britain m'mphepete mwa mtsinje wa Thukela. Chimodzi mwa zofunazo chidali chakuti mfumu ithetse magulu ake a nkhondo m'masiku 30, chinthu chimene mfumu ya Azulu sikadavomera popanda kuthetsa ufumu weniweniwo. Pa 11 Januwale 1879 gulu la Lord Chelmsford lidawoloka mtsinje wa Mzinyathi, ndipo pa 20 Januwale lidamanga misasa pa Isandlwana. M'mamaŵa pa 22 Januwale Chelmsford adatenga pafupifupi theka la asilikali ake kukafunafuna adani kwina, osadziŵa kuti ankhondo pafupifupi 20,000, otsogozedwa ndi Ntshingwayo kaMahole ndi Mavumengwana kaNdlela, adagona m'chigwa cha Ngwebeni, makilomita oŵerengeka kuchokera pa misasa. Dzuŵa lisanaloŵe misasa idagwa. Kumbali ya Britain kudafa anthu oposa 1,300, ndipo kumbali ya Azulu osachepera 1,000.

Zonsezi zalembedwa m'mabuku aakuluakulu, koma chikwangwani sichingasenze buku. Mlendo amene waima padzuŵa saŵerenga ndime zisanu. Amaŵerenga mizere yoŵerengeka, nakweza maso kuyang'ana phiri. Freeman Tilden, m'buku lake la 1957 lotchedwa Interpreting Our Heritage, adalimbikitsa kuti mawu ofotokozera malo akale azilumikiza chooneka ndi moyo wa mlendo amene akuchiona. Uphungu umenewu ngwabwino, koma umabutsa funso limene anthu a m'chigawo chino cha Africa sangalilumphe: kodi mlendoyo ndi uti? Ngati wolemba ali ndi mlendo wa ku London m'maganizo mwake, liwu lililonse mwa mawu oŵerengekawo lidzasankhidwa kuti likomere khutu la ku London. Malo olembapo akachepa, liwu limodzi limalemera ngati mutu wathunthu wa buku.

2. Maina a malo

Poyambira penipeni ndi maina. Malo amene Chelmsford adawolokerapo amadziŵika padziko lonse kuti Rorke's Drift, ndipo dzinali lidatchuka kwambiri chifukwa cha nkhondo ya usiku wa pa 22 Januwale, pamene asilikali pafupifupi 150 adateteza nyumba za mishoni, ndi chifukwa cha kanema wa 1964 wotchedwa Zulu. Azulu ankatchula malowo kuti kwaJimu, ndiko kuti kwa Jim Rorke, wamalonda amene adakhalapo kale. Munthu ndi mmodzi yemweyo, koma maina aŵiriŵa sanena chinthu chimodzi. La Chingerezi limanena za doko la pamtsinje ndi mwini wake; la Chizulu limanena za khomo la munthu wodziŵika ndi dzina lake loyamba, kumene anthu ankapita kukagula zinthu. Phiri la pambali pake amishoni a ku Sweden adalitcha Oskarberg polemekeza mfumu yawo, pamene eni dera amalitcha Shiyane. Mtsinje umene mapu ambiri amautcha Buffalo ndi Mzinyathi.

Dzina la Isandlwana lomwe lidavutika m'manja mwa alembi. M'zolemba za 1879 limapezeka kuti Isandula, ndipo pambuyo pake Isandhlwana, motsata kalembedwe kakale ka Chizulu. Tanthauzo lake ena amaligwirizanitsa ndi kanyumba, ena ndi chigawo china cha chifu cha ng'ombe. Asilikali a 24th Regiment adaona m'phirimo chifaniziro cha sphinx wa ku Egypt amene adali pa baji yawo, ndipo fanizo limeneli ndilo limabwerezedwa kaŵirikaŵiri pofotokozera alendo. Chikwangwani chimene chiyamba ndi sphinx chasankha kale kuti maso oyenera kuonera phirilo ndi a mlendo wa tsiku laŵiri pamalopo, osati a anthu amene adalitcha dzina ndi kuŵetera ng'ombe patsinde pake.

Wina anganene kuti vutoli nlosavuta, pakuti maina onse aŵiri angalembedwe pamodzi. Zimenezo nzoona, ndipo nzofunika. Komabe dzina limene lili m'chiganizo ndi limene lili m'mphepete mwa chiganizo sizilingana. Ndiponso dzina la Chizulu silikhala chiumire monga limaonekera pa mapu: woyankhula amati eSandlwana akamanena za pamalopo, namati impi yaseSandlwana akamanena za nkhondoyo. Dzina limakhala ndi moyo pamene likusinthika motsata malamulo a chinenero chake, ndipo zimenezi zimatheka m'chiganizo cha chinenero chomwecho basi.

3. Kumene njira iyambira

Njira yoyendamo alendo nayonso ili ngati chiganizo, pakuti ili ndi poyambira, potsatira ndi pothera. Njira yotchuka koposa pa Isandlwana imatchedwa Fugitives' Trail, ndiko kuti njira ya othaŵa. Imayambira pampata wa phiri, nitsika m'miyala, niwoloka Manzimnyama, mpaka kukafika pa Mzinyathi, pa doko limene tsopano limatchedwa Fugitives' Drift koma kale linkadziŵika ndi dzina la mfumu Sothondose. Patsidya pake pali manda a Melvill ndi Coghill, akuluakulu aŵiri a asilikali amene adafa pothaŵitsa mbendera ya gulu lawo. Woyenda m'njirayi amatopa pamene othaŵa adatopa, amaterereka pamene iwo adaterereka, ndipo akafika pamtsinje amakhala atasanduka mmodzi wa iwo. Palibe cholakwa pomvera chisoni anthu ameneŵa. Koma njirayi idakhalapo chifukwa chakuti nyanga ya kumanja ya ankhondo a Azulu idazungulira kuseri kwa phiri ndi kutseka msewu wa ku Rorke's Drift. Kwa Azulu, malo omwewo ndi pamene luso la atsogoleri awo lidaonekera. Ankhondowo adali ndi ulendo wawonso, umene udayamba pa 17 Januwale kuchokera kwaNodwengu, pafupi ndi likulu la mfumu, nufika ku Ngwebeni pa 21 Januwale. Mlendo amene angayambire ku Ngwebeni ndi kukwera mtunda wa Nyoni angaone misasa ili pansi pake, monga adaionera Ntshingwayo.

Apa ndi pamene zinenero za Chibantu zimaulula zimene Chingerezi chimabisa. Chicheŵa chimasiyanitsa pano, apa, apo ndi paja. Chizulu chimasiyanitsa lapha, lapho ndi laphaya. Chicheŵa chili ndi kubwera ndi kupita, Chizulu chili ndi ukuza ndi ukuya. Wolemba m'zinenero zimenezi sangathe kulemba mzere umodzi asanasankhe pamene woŵerenga waima ndi kumene wayang'ana. Mwachitsanzo, chiganizo chongopeka chakuti "Azulu adatulukira pamtunda uwo nabwera kuno" chaika woŵerenga m'kati mwa misasa, pakati pa oukiridwa. Chakuti "ankhondo adanyamuka pano natsikira ku misasa iyo" chamuika pakati pa oukira. Womasulira amene walandira ndime ya Chingerezi yolembedwa ndi munthu woima m'misasa adzakakamizika kulemba "adabwera", ndipo mdzukulu wa ankhondo aja adzaŵerenga m'chinenero cha makolo ake kuti makolo akewo ndiwo adali obwera, pamalo amene adali kwawo.

Mawu a Chicheŵa akuti paja ndi ija ali ndi phunziro lina. Munthu amati "nkhondo ija" kwa mnzake amene akuidziŵa kale, amene ali naye chikumbukiro chimodzi. Chinenero chilichonse cha eni dera chili ndi njira zake zoyankhulira ndi munthu wodziŵa kale, zosiyana ndi zoyankhulira ndi mlendo. Ndime yomasuliridwa imayankhula ndi mwini mudzi ngati mlendo, nimufotokozera zimene agogo ake adamuuza ali mwana, koma osamuuza zimene iye akadafuna kufunsa.

4. Mneni ndi wochita ntchito

Kwa zaka zambiri mabuku a Chingerezi adatcha Isandlwana "disaster". Womasulira wokhulupirika adzalemba tsoka kapena ngozi m'Chicheŵa, kapena inhlekelele m'Chizulu. Mawu onseŵa amanena za chinthu chogwera munthu, monga chigumula kapena mphezi, chopanda wochikonza. Nkhani ikayamba ndi tsoka, funso lotsatira limakhala lakuti adalakwitsa ndani, kaya Chelmsford, kaya Durnford, kaya Pulleine, ndipo Ntshingwayo amazimirira. Komatu gulu la anthu 20,000 silifika pafupi ndi mdani osaoneka mwangozi.

Misintho ya aneni imaonetsa nkhaniyi poyera. Chicheŵa chimalola ziganizo zitatu: "Azulu adawononga misasa", "misasa idawonongedwa ndi Azulu", ndi "misasa idawonongeka". Monga momwe akatswiri a malamulo a Chicheŵa adalongosolera, pakati pawo Sam Mchombo m'buku lake la 2004 lotchedwa The Syntax of Chichewa, msintho wa -idw- umalola kutchula wochita ntchito, pamene msintho wa -ik- kapena -ek- sulola. Palibe amene anganene kuti "misasa idawonongeka ndi Azulu" potanthauza kuti Azulu ndiwo adachita dala. Chizulu nachonso chimasiyanitsa -w- ndi -ek- kapena -akal-. Tsono womasulira amene wakumana ndi mneni wa Chingerezi wosatchula wochita ntchito ayenera kusankha pakati pa misintho iŵiriyi, ndipo posankhapo amagamula mlandu wa mbiri umene palibe adamutuma kugamula. Mlandu wotere uyenera kukambidwa pagulu, pamaso pa odziŵa mbiri ndi odziŵa chinenero, chikwangwani chisanasulidwe.

Chimodzimodzinso ndi maina a anthu omenya nkhondo. Chingerezi chimatcha a Britain "soldiers" ndi Azulu "warriors", ngati kuti oyambawo adali gulu la dongosolo ndipo enawo khamu la anthu aukali. Liwu la Chizulu ndi ibutho, pochuluka amabutho: gulu la amuna a msinkhu umodzi, losonkhanitsidwa ndi mfumu, lokhala ndi dzina lake, atsogoleri ake ndi nyimbo zake. Pa Isandlwana padali uKhandempemvu, iNgobamakhosi, uMbonambi, uVe, uNokhenke ndi ena, ndipo lililonse lidali ndi malo ake m'dongosolo la izimpondo ndi isifuba, ndiko kuti nyanga ndi chifuŵa. Pamene zipolopolo zidagonetsa pansi ankhondo a uKhandempemvu, Mkhosana kaMvundlana wa kwa Biyela adatsika kukawadzutsa, ndipo adaphedwa pomwepo. Kachidutswa ka ka- m'dzina lake si chokongoletsera ayi. Kamanena kuti iye ndi mwana wa Mvundlana, ndipo kamalumikiza wakufayo ndi banja limene lilipobe. Chikwangwani chimene chipatsa msilikali wa Britain udindo, dzina ndi gulu lake, koma chipatsa Mzulu chiŵerengero chokha, chanena zambiri popanda kunama ngakhale liwu limodzi.

Pali liwu linanso lovuta. Azulu ankatumbula mimba ya mdani amene amupha, mwambo wotchedwa ukuqaqa, pokhulupirira kuti mzimu wa wakufayo uyenera kumasulidwa ndi kuti wakuphayo angadwale akapanda kutero. Angerezi amene adaona mitembo adatcha zimenezi nkhanza zonyazitsa akufa. Wolemba woyambira ku Chingerezi amayamba ndi kunyansidwa kumeneko, kenaka nkupereka chodzikhululukira. Woyambira ku Chizulu amayamba ndi liwu lenilenilo ndi tanthauzo lake, kenaka nkufotokoza mmene alendo adalionera. Mfundo ndi zomwezo, koma dongosolo lake lasintha mlandu.

Mu 1999, patapita zaka 120, pa Isandlwana padaimikidwa chipilala chokumbukira Azulu amene adafa. Chidapangidwa ndi mkuwa m'maonekedwe a isiqu, mkanda umene munthu ankavala posonyeza kulimba mtima kwake pankhondo. Chipilalachi chidaganizidwa kuchokera m'kati mwa chikhalidwe cha Azulu, ndipo nchifukwa chake chili ndi mphamvu. Chimene wosula mkuwa adachita ndicho chimene wolemba mawu ayenera kuchita.

5. Ife ndi iwo

Pasakhale woganiza kuti kulemba m'Chizulu ndiko kungotembenuza nkhani kuti ogonja a dzulo akhale opambana a lero. Mwa anthu oposa 1,300 amene adafa kumbali ya Britain, oposa 400 adali Aafirika. Ambiri adali a gulu la Natal Native Contingent, oyankhula Chizulu chomwecho. Padalinso okwera pa akavalo ochokera ku mishoni ya Edendale, amaNgwane a kwa Zikhali ndi Batlokwa a Hlubi. Ndime ya Chingerezi ingathe kuwaphimba onseŵa ndi liwu limodzi lonena za othandiza achikuda. Ndime ya Chizulu singathe kutero, pakuti adzukulu awo adzaiŵerenga, ndipo wolemba adzakakamizika kufunsa kuti anthuŵa adali a kwa yani ndipo adamenyeranji mbali imeneyo. Chinenero cha eni dera chimavuta kunamiziramo, chifukwa oŵerenga ake amadziŵana mayina ndi mibadwo.

Chitsanzo cha Ncome, m'chigawo chomwecho cha KwaZulu-Natal, chimasonyeza kumene kugaŵa nkhani paŵiri kumathera. Pa 16 Disembala 1838 Mabunu pafupifupi 470 otsogozedwa ndi Andries Pretorius, ali m'linga la ngolo 64, adagonjetsa ankhondo a Mfumu Dingane otsogozedwa ndi Ndlela kaSompisi. Azulu pafupifupi 3,000 adafa, ndipo mtsinje wa Ncome udapatsidwa dzina la Bloedrivier, mtsinje wa magazi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kutsidya la kumadzulo kudaimikidwa ngolo 64 za mkuwa. Mu 1998 kutsidya la kum'maŵa kudavundukulidwa chikumbutso cha Azulu, chomangidwa m'maonekedwe a nyanga za ankhondo, ndipo mu 2014 padatsegulidwa mlatho wa oyenda pansi wolumikiza mbali ziŵirizi. Tsiku lenilenilo lasintha maina kangapo, kuchokera pa Dingane's Day mpaka Day of Reconciliation, dzina limene lakhala nalo kuyambira 1995. Kumanga chikumbutso chachiŵiri kudali chilungamo chimene chidachedwa. Komabe mtsinje umodzi wokhala ndi maina aŵiri ndi nyumba ziŵiri zofotokozera umalola mlendo aliyense kumva mbali yake yokha ndi kubwerera kwawo. Chofunika ndi chikwangwani chimodzi chokhala ndi ndime ziŵiri kapena zitatu, iliyonse yolembedwa payokha m'chinenero chake, kenaka iliyonse nkumasuliridwa m'zinenero zinazo, kuti wa Chiafrikaans aŵerenge zimene wa Chizulu wanena, ndi wa Chizulu zimene wa Chiafrikaans wanena. Kumasulira kuli ndi malo ake, koma kuzichokera mbali zonse.

6. Zimene otsutsa anganene

Chotsutsa choyamba ndi cha ndalama. Alendo amene amalipira zambiri pa mabwalo ameneŵa amaŵerenga Chingerezi, ndipo ndalama zawo zimathandiza kusamala malo ndi kulemba anthu ntchito. Zimenezi nzoona, ndipo palibe amene akupempha kuti Chingerezi chichotsedwe. Chimene chikupemphedwa nchakuti chisakhale mayi wa ndime zonse. Ndiponso mlendo amene waŵerenga kale mabuku ndi kuonera kanema safunika kuuzidwanso zomwezo; chimene sangachipeze kwawo ndicho mawu a eni dziko.

Chotsutsa chachiŵiri nchakuti maumboni a Azulu ngochepa poyerekeza ndi makalata ndi malipoti a Angerezi. Ngochepa ndithu, koma alipo. Mehlokazulu kaSihayo, amene adamenya nawo nkhondo m'gulu la iNgobamakhosi, adapereka umboni wake. Bertram Mitford adacheza ndi omenya nawo nkhondoyo ndi kusindikiza zimene adamva m'buku la 1883 lotchedwa Through the Zulu Country. Magema Fuze adasindikiza Abantu Abamnyama mu 1922, m'Chizulu. James Stuart adalemba maumboni a anthu ochuluka, mwina m'Chingerezi mwina m'Chizulu, ndipo pakati pa 1923 ndi 1926 adatulutsa mabuku asanu oŵerenga m'Chizulu. Zolemba zake zili ku laibulale ya Killie Campbell ku Durban, ndipo Colin Webb ndi John Wright adayamba kuzisindikiza m'Chingerezi mu 1976. Palinso izibongo za mafumu ndi za ngwazi, ndi zimene mabanja akusungabe. Choopsa chenicheni nchakuti umboni umene udanenedwa m'Chizulu, numasuliridwa m'Chingerezi, ungamasuliridwenso kubwerera m'Chizulu, pamene mawu oyambirira ali chikhalire m'kabati.

Chotsutsa chachitatu nchakuti ndime ya eni dera ingasanduke chida cha andale kapena cha mtundu umodzi. Ngozi imeneyi ilipo, ndipo mbiri ya Azulu yagwiritsidwapo ntchito motero. Koma ndime ya Chingerezi nayo sidakhalepo yopanda mbali, idangozoloŵereka. Mankhwala ake ndi amodzi m'chinenero chilichonse: umboni wotsimikizika, kutchula akufa a mbali zonse, ndi kuvomereza poyera pamene maumboni asiyana.

Chotsutsa chachinayi nchakuti anthu akumudzi amamvera pakamwa, saŵerenga zikwangwani. Kufotokoza kwa pakamwa nkofunikadi, ndipo otsogolera alendo ambiri amadziŵa zimene sizili m'buku. Koma ana a sukulu amaŵerenga, ndipo amaphunzira msanga kuti chinenero chimene chasulidwa pa chitsulo ndicho cholemekezeka. Malamulo aakulu a South Africa a 1996 adavomereza zinenero 11 kukhala za boma, ndipo mu 2023 chinenero cha manja chidakhala cha 12. Lamulo lotere limayesedwa pa malo ngati Isandlwana.

7. Kupyola malire a KwaZulu-Natal

Nkhaniyi si ya Azulu okha. Ku Zimbabwe, pa 4 Disembala 1893, ankhondo a Mfumu Lobengula otsogozedwa ndi Mtshana Khumalo adapha Allan Wilson ndi gulu lake lonse pafupi ndi mtsinje wa Shangani. Kwa zaka zambiri nkhondoyi idadziŵika ndi dzina la ogonja, Shangani Patrol, ndipo mafupa awo adasamutsidwira ku Matopos mu 1904, pafupi ndi manda a Cecil Rhodes. Andebele amaitcha nkhondo ya ku Pupu, ndipo chikumbutso chotchedwa ndi dzina limeneli chidatsegulidwa mu 2024.

Ku Malaŵi, pa 9 Sepitembala 1914, asilikali a King's African Rifles adamenyana ndi gulu la Ajeremani ku Karonga, ndipo ambiri mwa omenyanawo kumbali zonse ziŵiri adali Aafirika. Anthu a m'dzikomo adatcha nkhondo yoyamba ya dziko lonse kuti nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti yolavula zipolopolo, ndipo Melvin Page adatenga dzinali kukhala mutu wa buku lake la 2000. Liwu lakuti tengatenga limanena za onyamula katundu wa nkhondoyo mwa njira imene liwu la Chingerezi silingathe. Komanso Karonga ikupereka chenjezo kwa olemba Chicheŵa: ngakhale Chinyanja chidali chinenero cha asilikali a Nyasaland, eni dera la Karonga amayankhula Kyangonde ndi Chitumbuka. Mfundo ya chinenero cha eni dera ikayenera kumanga Chingerezi, iyeneranso kumanga chinenero chilichonse chachikulu cha m'dziko.

8. Ntchito ya akatswiri a zinenero

Pali zinthu zinayi zimene madipatimenti a zinenero m'mayunivesite a m'chigawo chino angachite popanda kudikira ndalama zambiri. Choyamba, kusonkhanitsa maina a mapiri, makwaŵa ndi madoko a pa mabwalo a nkhondo, pamodzi ndi katchulidwe ndi matanthauzo ake, okalamba owadziŵa asanathe. Chachiŵiri, kubwerera ku zolemba zoyambirira ndi kusindikiza maumboni m'chinenero chimene adanenedwera. Chachitatu, kuphunzitsa ophunzira luso lolemba ndime yaifupi ya pa chikwangwani, limene nlosiyana ndi luso lomasulira, ndi kuyesa ndimezo poziŵerengera anthu a m'midzi yozungulira. Chachinayi, kupempha mabungwe osamala malo akale kuti wodziŵa chinenero akhalepo tsiku limene njira ikulembedwa pa mapu, pakuti poyambira njira ndi pamene mneni woyamba amasankhidwira.

Akuluakulu adati mlandu suwola. Mabwalo ameneŵa ali ndi milandu imene idakambidwa mbali imodzi kwa zaka zoposa 100, ndipo zipilala zatsopano zayamba kubweza ngongoleyo. Chatsala ndi mawu. Mwana wa sukulu wa ku Nquthu amene aphunzitsi ake amutengera patsinde pa Isandlwana ayenera kupeza mzere woyamba wa chikwangwani uli m'chinenero chimene amayankhula ndi agogo ake, wolembedwa ndi munthu amene adaima pamtunda wa Nyoni asanatsikire ku milu ya miyala yoyera ija.